Chainizi Wanga wa ku George

Chaka chomwe bambo a ana anga anachotsedwa ntchito yaulonda, ndinaima kuseri kwa nyumba yathu ya lendi ku komboni ya George mu Lusaka n'kunena ndi pakamwa pangapa kuti m'nyumba muno ndiwo sitidzagulanso. Ufa iwo akanatha kuupeza ndi maganyu ogwira apo ndi apo. Ndiwo ndinati zisiyireni ine, mwana wa mlimi, wobadwira ku Katete ndi khasu m'manja.

Malowo anali ochepa, pakati pa khoma lathu ndi mpanda wa a neba, odzaza ndi miyala, zidutswa za mabotolo ndi mapulasitiki okwiririka. Ndinawatipula mpaka matuza. Kenako ndinakhala pa njerwa n'kuwerenga pakamwa pofuna kudya: ine, bambo, ana atatu. Ndinalinga kuti masambawo atifikitse ku mvula, nthawi imene chibwabwa ndi bondwe zimamera zokha paliponse. Pamenepo mutu unagwira bwino ndithu. Pomwe unandithawa m'pakubzala.

Kwathu mvula yoyamba ikagwa, mbewu yonse imalowa m'nthaka. Wotsalira ndi waulesi, ndipo mudzi wonse umamudziwa. Ndiye ine ndinagula mapaketi a chainizi n'kuthira onse pa nazale tsiku limodzi, ndipo mbande zitakula ndinaziwokera zonse, bedi ndi bedi, mpaka pakhomo pa chimbudzi. Repu sindinamuganizire n'komwe, poti amachedwerapo. Ndinkafuna chobiriwira msanga, anthu aone.

Bambo a ana anaima n'kuyang'ana, manja ali kumbuyo.

"Amake mwana, bwanji osasiyako mbewu ina? Izi zikakhwima pamodzi tidzatani nazo?"

"Inu munalimapo chiyani?" ndinawayankha. "Pitani mukasake ufa, za kumunda musazilowe."

Sanabwerezenso. Ndi munthu wofatsa, ndipo masiku amenewo mawu ake anali atachepa kale m'nyumba chifukwa chosowa ntchito. Ndinawapondereza dala, ndikudziwa pomwe pakuwawa.

Madzi tinkatunga pampopi wa tonse, pamzere wautali. Otsukira mbale, osambira, ochapira omaliza, onse ankathera m'mabedi. Ndipo chainizi anavomera. Masamba anatambalala, obiriwira bii, moti odutsa ankasuzumira pampanda. Milungu yoyamba tinadya ngati anthu. Wokazinga, wotendera, wa tomato yekha, ana mpaka anayamba kukwinya nkhope akamva fungo lake.

Koma anthu asanu sangamalize munda wonse wokhwima nthawi imodzi. Mayi anga akanakhalapo akanangoti futsa, mwanawe. Kufutsa ndimakudziwa bwino: kuwiritsa pang'ono, kuyanika padzuwa, kusunga m'thumba. Ndinayambadi tsiku lina, n'kuyanika pathumba la saka pabwalo. Mayi wina wa chipinda choyandikana nafe, wokulira m'tauni momwemuno, anadutsa n'kuseka.

"Ba neba, ivi ni vichani? Mwatibweretsera Katete mu Lusaka?"

Atsikana amene ankalukana tsitsi pakhonde anasekera limodzi. Ndinanyamula thumba lija n'kulilowetsa m'nyumba, masamba asanaume, ndipo mawa lake anali atachita nkhungu. Sindinafutsenso. Ndinaopa kutchedwa wakumudzi, ine wakumudzi weniweni.

M'malo mwake ndinasanduka bwana. Aliyense wobwera ndi kambale kudzati tipempheko ka relishi, kutanthauza ndiwo, ndinkamuthyolera mpaka manja kudzaza. Amayi a kutchalitchi, a landilodi, ngakhale uja anandisekayo. Ndinkadziuza kuti kupatsa n'kuika. Zoona zake, ndinkasangalala kumva akunditamanda pampopi kuti mayi uyu manja ake ndi odala. Kugulitsa ndinakana, ndinkati kungandichotse ulemu.

Kenako kunatentha. Chainizi yense anaphukira m'mwamba nthawi imodzi n'kuchita maluwa achikasu, masamba n'kuchepa, n'kulimba, nsabwe n'kudzaza kunsi kwake. Mmene ndinamubzalira limodzi ndi mmenenso anafera limodzi. Ndinafesa wina mothamanga, koma dzuwa la nthawi imeneyo silisekerera mbande, ndipo pampopi madzi anali atayamba kudukiza. Mvula inali idakali kutali.

Amene ndinkawathyolera aja sanali oipa, nawonso analibe. Ena ankabwerabe ndi mbale zawo n'kubwerera akudabwa. Ine kupempha sindikanatha. Ndiyambire pati, munthu amene dzulo lomweli ndinali wogawa? Tinayamba kudyera madzi a mchere ndi katomato kamodzi. Mwana wathu wamng'ono anafunsa tsiku lina kuti masamba aja anapita kuti, ndipo ndinamukalipira ngati watukwana. Bambo ake anangoweramira pambale. Akanandinyoza bwenzi zili bwino, ndikanapeza poyambira mkangano. Koma iwo ankatsina pang'ono n'kusamba m'manja, kunena kuti adya kale kumaganyu. Ndinkadziwa kuti ndi bodza.

M'mawa wina ndinapinda thumba n'kulibisa m'chitenje, ndinayenda wapansi mpaka kumsika waukulu wa m'tauni, kutali ndi maso a ku George. Kumeneko magalimoto a kumafamu akatsitsa kabichi, ogulitsa amasenda masamba akunja n'kuwataya pansi, ndipo oweta nkhuku ndi nkhumba amabwera kudzatola. Ndinazungulira kangapo ndisanalimbe mtima. Kenako ndinawerama n'kuyamba kutola, duku nditalikokera kumaso.

"Amai, ndinu?"

Ndinadzutsa mutu. Anali mayi wachikulire amene timaimba naye kwaya, wokhala ku Matero. Sindinkadziwa kuti amagulitsa kumeneko.

"Ndine," ndinatero, ndikuseka kuseka kopanda mutu. "Ndikutolera nkhuku zanga. Zikudya kwambiri masiku ano."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana m'thumba. Munalibe tsamba lowola ngakhale limodzi. Ndinali nditasankha abwino okhaokha, n'kuwapukuta matope ndi chitenje, n'kuwasanja bwinobwino. Woweta nkhuku satola choncho, amangokokolola ndi manja awiri.

"Nkhuku ni vinthu vovuta," anatero pang'onopang'ono. "Bweretsani thumba."

Anandilanda mwaulemu n'kutembenuka, kutchinga thumba ndi msana wake kuti anzake a pambali asaone. Ndinamva mpeni ukudula. Anaikamo theka la kabichi weniweni, woyera, kenako tomato, kenako anyezi. Ine ndili chiimire, ndikufuna nthaka ing'ambike.

Anamanga thumba n'kundisenzetsa yekha pamutu. Akukonza mfundo, anayandikira khutu langa.

"Zili zingati nkhukuzo?"

"Zitatu," ndinayankha, misozi ili m'maso. "Ndi tambala mmodzi amene sakudya."

Ananditula thumba lija, n'kulimasulanso n'kuwonjezamo theka linalo.