Nambala ya Pagalasi la Galimoto Inandiweruza Pamaso pa Mayi Anga

Inu owerenga, ndinapepesa mlandu umene sindinapalamule, ndipo kupepesako kunawononga dzina langa pamaso pa mayi anga, munthu yekhayo amene maganizo ake pa ine ndinkawaopa ndi kuwalemekeza. Chimene chinandigwetsa n'chaching'ono moti ambiri mwa inu munachionapo osachilabadira. Ndi kapepala kamene amamata pagalasi lakutsogolo la galimoto yatsopano, kosonyeza kuchuluka kwa mafuta amene galimotoyo iyenera kudya pa mtunda wakutiwakuti.

Ndine namwino. Pa nthawiyo ndinkakhala ku Balga, dera la mumzinda wa Perth kunja kuno, ndi mwamuna wanga komanso mwana wathu wamkazi, Tadala. Ntchito yanga inali yoyendera odwala ndi okalamba m'makomo mwawo, kutsuka zilonda, kubaya jakisoni ndi kuona ngati akumwa mankhwala. Mwamuna wangayo anali injiniya, ndipo ankagwira ntchito pafakitale ina ku Kwinana, kum'mwera kwa mzindawo. Mliri wa korona utayamba tinagula galimoto yatsopano ya dizilo yoti ndiziyendera pantchito, chifukwa galimoto yakale inali itatopa ndipo kukwera basi kukanaika odwala anga pangozi. Iye ndi amene anaisankha. Kapepala kapagalasi kaja anakamatula mosamala n'kukasunga.

Patapita miyezi ingapo anayamba kufunsa chifukwa chimene ndinkathirira mafuta pafupipafupi. Poyamba ankafunsa moseka. Kenako anayamba kutuluka panja ndikangofika, n'kuyang'ana mita yowerenga mtunda ndi kuiyerekeza ndi mafuta otsala m'thanki. Masamu ake anali olondola, ndipo zimenezo sindikana ngakhale lero. Galimotoyo inkadyadi dizilo wochuluka kuposa zimene kapepala kanalonjeza. Cholakwika chinali mfundo imene anamanga pamwamba pa masamuwo. Anati ngati mafuta akutha koma mtunda sukuchuluka, ndiye kuti galimoto imaima penapake nthawi yaitali injini ikulira, ndipo mkazi sakhala yekha m'galimoto yoima magalasi ali otseka.

Ndinamuyankha zoona, ndipo zoonazo n'zimene anandimanga nazo. Ndinamuuza kuti m'nyumba za odwala sitinkavula masiki, choncho ndinkadyera m'galimoto ndi kulembera malipoti momwemo. Amene mukudziwa dzuwa la Perth mu Januwale mukudziwanso kuti munthu sangakhale m'galimoto eyakoni ili yozimitsa. Pa zonse zimene ndinanena iye anatolapo chimodzi chokha, chakuti ndavomera kuti ndimaima.

Kenako anati ayese yekha. Anandipatsa galimoto yake, iye n'kutenga yangayo kupita nayo kuntchito kwa masiku angapo. Ulendo wa ku Kwinana ndi wautali, wa mumsewu waukulu wopanda maloboti, ndipo masiku amenewo anthu ambiri ankagwirira ntchito kunyumba moti msewu unali wa iye yekha. Nambala imene anapeza inayandikira kwambiri ya pakapepala. Anaika makiyi patebulo n'kulankhula mofatsa, ngati akufotokozera wophunzira wosamva.

"Galimotoyi ilibe vuto, amayi a Tadala. Ikakhala ndi ine imanena zoona. Tsono wabodza m'nyumba muno ndi ndani?"

Kuyunivesite ndinaphunzira za thupi la munthu, za injini sindinkadziwa kanthu, ndipo ndinaleredwa m'maphunziro kuti umboni woyesedwa suyenera kutsutsidwa ndi mawu chabe. Khalidwe langa sindinalikayikire, koma ndinafika pokayikira nzeru zanga.

Nkhani inapita kwa ankhoswe. Malire a dziko anali otseka, choncho mlandu unakambidwa pafoni ya kanema, kuno ku Perth ali masana, kumudzi uli m'mawa. Mbali yanga kunali malume anga a ku Mchinji, mbali yake kunali achimwene ake a ku Lilongwe. Mwamuna wanga sanakweze mawu ngakhale kamodzi. Anaonetsa kapepala kaja pakamera, n'kufotokoza kuti nambalayo imalamulidwa ndi boma la dziko lino, kuti iye anaiyesa n'kuipeza yoona, ndi kuti ine ndinavomera ndekha zoima m'malo osadziwika. Malume sanakhalepo ndi galimoto. Anangofunsa ngati pepalalo linalidi la boma. Atamva kuti inde, nkhope yawo inagwa.

Anapempha kulankhula nane pandekha. Sanandifunse ngati ndinachitadi. Anati nkhani za m'banja sizitha ndi masamu, zimatha mkazi akagwada, ndipo popeza ndinali kutali wopanda wachibale, ndingopepesa kuti m'nyumba mubwerere mtendere.

Ndinagwada pakapeti, kutsogolo kwa foni imene inali itatsamira botolo la shuga. Mawu anga ndinawasankha mosamala kwambiri. Ndinati ndikupepesa chifukwa cha kusamvana konse kumene kwachitika. Mumtima ndinkadziuza kuti m'chiganizo chimenecho mulibe kuvomera kulikonse, ndipo mwa galamala ndinkanena zoona. Apa ndi pamene sukulu inandipusitsa. Kwathu anthu sasunga chiganizo. Amasunga zakuti anakuona utagwada.

Sabata isanathe nkhani inali itachoka ku Lilongwe n'kufika kumpingo kwa mayi anga. Mayi anali mtsogoleri wa gulu la amayi, amene ankalangiza atsikana okonzekera ukwati, ndipo kwa zaka zambiri ankanditchula ine monga chitsanzo. Atandiimbira, mawu awo anali ofewa kuposa mmene ndinawadziwira.

"Mwana wanga, ndamva. Ndakukhululukira, ndipo ndikukupempherera. Usadzabwerezenso."

"Amayi, palibe chimene ndinachita."

"Nanga unagwadiranji?"

Ndinayamba kufotokoza za dizilo ndi za kapepala, koma ine mwini sindinkamvetsa zimene ndinkanena, ndipo foni inkadukaduka. Ndinawauza kuti ndidzawafotokozera bwino ndikadzabwera, titakhala pamodzi. Anati chabwino, ndipo m'mafoni onse otsatira sanaitchulenso nkhaniyo. Ankangofunsa ngati ndikupita kutchalitchi.

Malire sanatseguke. Matenda atakula kumudzi mayi anadwala, ndipo sanagone nthawi yaitali. Maliro awo ndinaonera pafoni yomweyo, wachibale wina ataikweza m'mwamba kuti ndione bokosi.

Pa masiku a chisoni amene anandipatsa kuntchito ndi pamene ndinakhala pansi n'kuwerenga za galimotoyo, zimene ndikanayenera kuchita pachiyambi. Sizinali zobisika. Nambala ya pagalasi imachokera ku mayeso a m'chipinda, galimoto ili pamakina ozungulitsa matayala, popanda eyakoni, popanda dzuwa, popanda mzere wa magalimoto. Cholinga chake n'choti wogula ayerekeze galimoto ina ndi inzake. Injini ya dizilo imadya kwambiri isanatenthe, ndipo maulendo anga ambiri anali a nyumba iyi kupita nyumba iyo, kuzimitsa ndi kulizanso tsiku lonse. Galimoto zatsopano za dizilo zilinso ndi sefa yogwira mwaye wa utsi, imene imadziyeretsa powotcha mafuta ena, ndipo maulendo afupiafupi amaichititsa kudziyeretsa kawirikawiri. Ntchito yanga inali yoipitsitsa kwa injini yotere. Ulendo wa ku Kwinana unali wabwino koposa. Galimoto inanena zoona kwa tonse awiri.

Ndinamufotokozera mwamuna wanga pa chakudya chamasana, tsiku la Sabata titabwera kuchokera kutchalitchi. Ndinkayembekeza kuti adzidzimuka, mwinanso alira. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti zimenezo aliyense amene anaphunzira za injini amazidziwa. Ndinamufunsa ngati ankazidziwa tsiku limene anaonetsa malume kapepala.

"Munayamba kudzimva, amayi a Tadala. Galimoto yatsopano, kutuluka m'mawa uliwonse, aliyense kumakutamani kuti ndinu ofunika pa mliriwu. Panafunika kukukhazikani pansi pang'ono. Za amayi anuzo sindinakonze ine."

Anapitiriza kudya.

Banjalo linatha, ndipo za kutha kwake sindilemba pano. Malume atamva zonse anapepesa. Malire atatseguka ndinapita kumudzi kukaona manda. Amayi a gulu la kumpingo anabwera kudzandipepesa, ndipo anandilandira mwachifundo chachikulu. Mmodzi wa iwo, mnzawo wapamtima wa mayi anga, anandigwira dzanja n'kundinong'oneza kuti mayi anawapempha kuti azindipempherera pa msonkhano uliwonse, ndipo sanaleke mpaka tsiku limenelo. Kenako anandifunsa, mwachikondi chenicheni, ngati bambo wa m'galimoto uja ndinamusiya.

Inu owerenga, makamaka inu amene muli kunja kuno kumene pepala losindikizidwa timalipatsa ulemu woposa wa munthu wamoyo, mverani zimene ndinaphunzira mochedwa. Nambala ya pagalasi si lonjezo. Galimoto yanu ya dizilo ikamadya mafuta kuposa pamenepo, yambani mwayang'ana kutalika kwa maulendo, kutentha kwa nyengo ndi kuchuluka kwa kuimaima, musanayang'ane nkhope ya mnzanu wapabanja kapena ya mwana wanu. Munthu akakuimbani mlandu ndi nambala imene simukuimvetsa, musavomere kuweruzidwa nayo chifukwa choti iye ndi wophunzira. Pitani mukawerenge, mukafunse kwa wina amene alibe nanu chifukwa. Ndipo inu ankhoswe amene muli kumudzi, musamauze mwana wanu kuti agwade pa nkhani imene inu eni simunaimvetse.

Koposa zonse, musagule mtendere ndi kupepesa kwabodza, ndipo ngati pali wina amene ayenera kumva zoona kuchokera pakamwa panu, musadikire kuti mudzakhale naye pamodzi. Muuzeni lero, pafoni yodukaduka yomweyo, mubwereze mpaka amve. Ine ndinasunga mawu anga kudikira tsiku labwino, ndipo pamene ndinafika nawo kwathu, panalibe wowamvera.