Diso la mwana wa Nachisale

Nditamaliza maphunziro a zachipatala ndinakhala pakhomo miyezi yambiri ndikupalira kachewere wa mayi. Ntchito anandipezera ndi malume, amene anamva kutchalitchi kuti kachipatala kena kuseri kwa Chongoni kakusowa woona odwala. Opitako sankakhalitsa, ati kumazizira. Ine ndinanyamula mabulangete n'kupita.

Wamkulu wa pamalopo anali a Kamwendo, munthu wosalankhulalankhula. Labotale tinalibe, choncho matenda opatsirana pogonana tinkawazindikira ndi mafunso ndi maso. Mwamuna akanena kuti pokodza pakuwotcha, umamufunsa kuti zayamba liti, ndiponso ngati wagona ndi munthu popanda kondomu posachedwapa. Ukatero umavala magolovesi, iye n'kugona pabedi. Umabweza khungu la kunsonga kuona ngati pali chilonda, n'kuyang'ana potulukira mkodzo. Mafinya akapanda kuoneka umafinya pang'onopang'ono kuchokera kutsinde. Umakhudzanso mavalo ngati atupa, ndi m'mphechepeche ngati muli mwanabere. Mafinya olimba achikasu kawirikawiri ndi chinzonono, amadzimadzi amadza ndi tizilombo tina, koma poti ziwirizi zimakonda kuyendera limodzi tinkapereka jakisoni ndi mapiritsi omwe, n'kuyezanso HIV.

"Ambiri adzakuuzani kuti ndi likodzo," anatero a Kamwendo. "Likodzo ndi magazi kumapeto kwa mkodzo. Inu muzivula munthu, muone nokha."

Nthawi yokumba kachewere kunabwera a Gwaza. Ankagula kachewereyo m'midzi n'kukagulitsa pa Chimbiya, kugona komweko mpaka matumba atha. Analinso m'komiti ya chipatala chathu. Nditawavula sipanafunike n'kufinya komwe, kabudula wam'kati anali ndi madontho achikasu.

"Ndi kanyera ameneyu, adokotala. Mkazi wanga ndiye wandipweteka."

"Mayiwo anali kumwezi?"

"Ayi, ndi woyembekezera."

"Nanga kanyerayo wachokera kuti?"

Anayang'ana kuzenera. Ndinawauza kuti ndi chinzonono, ndipo abwere ndi akazi awo mawa lomwe, chifukwa amayi ambiri samva kanthu koma nthendayi imatha kumulowa mwana m'maso pobadwa.

"Inu mwabwera dzulodzuloli, mukufuna kundipasulira banja?"

Jakisoni analandira, mapiritsi anaika m'thumba la jekete, n'kumapita. Akazi awo, Nachisale, sanabwere nawo. Ndinapempha a Kamwendo kuti tiwaitanitse tokha.

"Chinsinsi cha wodwala sichituluka m'chipinda. Komanso aja ndi a komiti, musawapute."

Ndinapempha namwino kuti akawafunse bwino Nachisale kusikelo. Nachisale anangoseka, nati ali bwinobwino. Nditakumana ndi a Gwaza panjira n'kuwakumbutsa, anati, "Ndinachira kale ine," n'kuliza njinga yamoto.

Mmawa wina wa chifunga Nachisale analowa ndi mayi awo, atafukata khanda. Linabadwira kunyumba poti matenda a uchembere anawadzidzimutsa, choncho mankhwala amene timapaka m'maso mwa khanda silinalandire. Zikope zinali zotupa, zomatana. Nditazikanula ndi zala mafinya anachita kulumpha. Agogo a mwanayo anati akhala akudonthezamo mkaka wa m'mawere. Ndinatsuka ndi madzi a m'diripi mpaka ndinaona bwino. Diso lakumanzere linali lofiira koma lamoyo. Lakumanja linali litachita kale mtambo woyera.

Ndikukonza jakisoni, a Gwaza anatulukira pakhomo.

"Adokotala, auzeni zoona apongozi angawa. Nthenda imeneyi mwana amaitenga kwa mayi wake, si choncho?"

Nachisale anandiyang'ana. Agogo aja nawonso.

"Amaitenga pobadwa, inde," ndinatero. "Koma mayinso amachita kupatsidwa. Nonse awiri mulandire mankhwala."

"Ine? Ndivuleni pompano. Mukapeza kanthu mundimange."

Ankadziwa kuti sindipeza kanthu. Ndinali nditawachiritsa ndi manja anga omwe. Ndinafuna kuulula, koma a Kamwendo anali ataima kumbuyo kwawo akundipukusira mutu. Ndinamubaya mwanayo, ndinawabaya mayi ake, n'kuitana ambulansi yopita ku Boma. Nachisale sanalire. Anangofunsa motsitsa mawu, "Ndiye kuti nthendayi ili mwa ine?" Ndinati inde.

Diso lakumanzere analipulumutsa, lakumanja linapita. A Gwaza, amene anali mkamwini pamudzipo, anatola katundu wawo akulengeza kuti mkaziyo ankayenda ndi amuna iwo ali ku Chimbiya. Mudzi unawakhulupirira, poti wodwala anapezeka ndi mkazi. M'komiti anakhalabe, ndipo pamsonkhano ankandipatsa moni wa manja awiri.

Lero ndili kwina, koma ntchito ndi yomweyi. Mankhwala sindimana munthu, chinsinsi sindiulula. Koma mwamuna wa mafinya ndisanamubaye ndimamufunsa ngati mkazi wake ali ndi pakati, ndipo akati inde ndimamuuza za diso lija mosabisa, mpaka atulutse foni amuitane ndikuona. Ena amaimba. Ena amanama kuti mulibe mayunitsi. Oterowo ndimawabayabe, ndikudziwa kuti akatuluka muno ali oyera, wotsala ndi nthenda komanso mlandu ndi amene sanalowe m'chipinda changa.