Tsiku Limene Amayi Anamva Maliro Awo

Ndinayambitsa ndine, koma musadikire kuti ndipepese. Sindinaname. Ndinanena liwu limodzi loona, azakhali n'kulimva mmene anafunira.

Amayi ndi oluka tsitsi. Kuno ku Matema, mu mzinda wa Tete, akazi ambiri amene amafika ku ukwati mutu ukuwala adakhalapo pa kampando kathu pansi pa mtengo wa nimu, amayi akuwakoka mesha, tsitsi loikirira lija, mpaka maso kutong'oka. Chaka chino anawapeza ndi khansa ya m'mawere, imene kuchipatala kuno amati kankro, ndipo anawachotsa bere lakumanzere. Bala litayamba kupola, adotolo anawauza kuti chotupa chachoka, koma mwina mwatsala tizidutswa tosaoneka ndi maso. Kuti tisadzaphukenso pafunika kimiyo, mankhwala aukali olowetsa m'mitsempha, okalandirira ku Beira. Sanawabisire: adzasanza, adzafooka, tsitsi lidzathothoka. Anati aganize okha, koma asachedwe.

Amayi anabwera kunyumba, anakhala pa kampando ka makasitomala, nati sapita.

Chifukwa chake tonse tinkachidziwa. Mkulu wawo, amayi aakulu, adadwala nthenda yomweyi. Adalandira kimiyo, adabwera mutu uli mbee, ndipo sadakhalitse. Duku lawo lobiriwira limapachikidwa kuseri kwa chitseko cha amayi mpaka lero, palibe amalikhudza. Kwathu ku Angonia, munthu akaikidwa m'manda, abale amameta. Ndiye amayi ankati: "Mkulu wanga anadzimetera yekha maliro ake akuyenda. Ine ayi. Mudzandimetere ndinu, ine ndikapite ndi tsitsi langa."

Ndinayesa kuwauza zimene tidaphunzira kusukulu, kuti amayi aakulu adapita kuchipatala mochedwa nthenda itamwazikana kale, pamene iwo aipeza msanga.

"Iwe," anatero, "biyolojiya imene unalephera ija ndi imene undichize nayo?"

Abambo amayendetsa kamiyau, lole ya katundu, njira ya ku Malawi, ndipo ankaimba foni ali pamalire. "Mwaganiza bwanji, mayi a ana?" Amayi ankati akuganizabe. Sankaganiza kanthu. M'mawa uliwonse ankapesa tsitsi ndi dzanja limodzi, poti lakumanzere silinkakwera bwino, n'kumayang'ana chipeso nthawi yaitali. Mbali imene anachotsa bere ankaikamo sokisi yodzaza zotsalira za mesha. Kampando kaja kanatuwa ndi fumbi. Pakhomo ponse panali zii, moti ine amene ndidaikapo buluzi m'chikwama cha aphunzitsi a masamu ndinkayenda monyang'ama m'nyumba mwathu momwe.

Ndinapirira. Koma Loweruka lina manja anandiyabwa.

Kunali kutentha kwa kuno ku Tete, kuja mbuzi imagona pansi pa galimoto osafuna kudzuka ngakhale injini italira. Amayi anali m'chipinda, atagona masana. Mng'ono wanga, amene wangoyamba kumene sukulu, anagona pamphasa pakhonde kukamwa kuli yasa. Ndinatenga makina ometera a abambo, n'kumulambulira msewu umodzi kuchokera pamphumi mpaka kunkhongo, wowongoka kuposa wopita ku Zobwe. Atadzuka n'kudzigwira, anayamba kulira. Kuti asadzutse amayi ndinamumeta mutu wonse. Analira kwambiri. Ndiye ndinati, taona, nanenso, n'kudzimeta mpala. Anangokhala phee akusisima, maso atatupa, tsitsi lathu lili mbwee pabwalo.

Nthawi yomweyo n'kuti azakhali, mlongo wa abambo, akulowa pageti ndi thumba la mbatata pamutu. Anachokera kumudzi kudzaona odwala. Foni yawo idafa kalekale, choncho nkhani yomaliza imene anamva inali ya operasau, yochotsa bere ija. Anaima. Anaona mitu iwiri yometa, tsitsi pansi, mwana wotupa maso, kampando kafumbi.

"Mwana wa achimwene," anatero, "amako?"

Ndikanatha kunena kuti ali m'nyumba. Ndinaona bwinobwino kumene maganizo awo akupita. Ndinazyolika, n'kunena motsitsa:

"Apumula, azakhali."

Kodi sanapumule? Anali pabedi, fani ikuwapepera.

Thumba linagwa, mbatata zinathamangira mpaka kumsewu. "Mayo ine! Mlamu wanga ine! Mwaika osandiuza, mwameta osandiuza!" Azakhali ali ndi mawu oti akaitana nkhuku kumudzi zimabwera za midzi ina. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anatuluka manja ali thovu lokhalokha, akulira m'Chinyungwe. Anabwera ena, ndi enanso, akumanga makapulana, zitenje zakuno, ali m'njira. Palibe anafunsa kuti tameta bwanji maliro asanatuluke. Bambo wina anayamba kusonkhanitsa mipando, mnyamata wina anathyola nthambi za nimu wathu kukaika pamsewu. Ine ndinali nditabisa nkhope m'malaya, mapewa akugwedezeka, ndipo mayi wina ankandisisita mpala wanga watsopano akuti, "Limba mtima, mwanangu, ndiwe wamkulu." Ndinatsala pang'ono kufa ndi phwete.

Kenako mng'ono wanga anakuwa.

Iye ankadziwa kuti amayi agona. Koma ataona akuluakulu onsewo akugubuduka, anakhulupirira iwo. Sikunali kulira kwa tsitsi kuja. Anaitana "Mama!" kamodzi, ndi mawu amene sindidawamvepo ndipo sindifuna kudzawamvanso, n'kuthamangira chitseko, mayi wina n'kumugwira.

Chitseko sichinatseguke.

Apa m'pamene kuseka kunandithera. Amayi amadzuka ngakhale supuni ikagwa. Phokoso lonselo, bwanji sakutuluka? Ndinayang'ana zenera la chipinda chawo, katani ili duu. Ndinaganiza kuti mwina liwu lija ndalitchula pa nthawi yolakwika, wina wake walimva, walikwaniritsa. Sindinapite kukaona.

Sindidziwa kuti panapita nthawi yotani. Chitseko chinatseguka pang'onopang'ono, amayi anaima pakhomo, kapulana m'chifuwa, tsitsi lili nyankhalala. Azimayi anabalalika, wina anasiya patapata. Azakhali anakhala pansi pakati pa mbatata, kukamwa kokha kukuyenda.

"Takulandirani, mlamu," anatero amayi. "Kumudzi kuli bwanji?"

Anangoyang'ana mitu yathu, nandiloza ndi mlomo, anthu onse n'kutembenukira kwa ine. Ndinati, "Ine ndangoti apumula." Bambo wa mipando uja anaseka mpaka kutsamira mpanda. Azakhali sanaseke, anandigenda ndi mbatata, ndipo amalasa.

Anthu atapita, amayi anakhala pakhonde atafungatira mng'ono wanga kumbali imene kuli bere. Mwanayo sankawasiya, ankangowagwira khutu. Azakhali anafunsa chimene nanenso ndinkafuna kudziwa, kuti anachedwa chiyani kutuluka.

"Ndinadzuka pa kulira kwanu koyamba, mlamu," anatero amayi. "Ndinati ndimvere. Ndani adamvapo maliro ake? Ndinangogona chagada, ndikuyang'ana duku la mkulu wanga, ndikuti kani zimamveka chonchi. Ndinamva wina pazenera akufunsa kuti ana atenga ndani. Inu mlamu munayankha muli mkati molira, kuti wamng'ono apita kumudzi, wamkuluyu azikayenda ndi bambo ake."

"Mlamu, ine ndimati..."

"Simunalakwe. Ndi mmene zikanakhalira. Ndipo ndinangoti phee, sindinamve mantha. Mpaka uyu ataitana." Anamusisita mwanayo mutu, akuyang'ana tsitsi lathu limene linali likadali pabwalo, mphepo ikulikankhira kumpanda. "Kulira mwalira, kumeta ameta kale awa. Mwambo watha ine ndikadalipo. Ndiye langali ndikulisungira maliro ati?"

Anandituma foni. Ndinamva akuuza abambo kuti akabwera awaperekeze ku Beira. Abambo anafunsa kuti chasintha n'chiyani. "Mudzafunse mwana wanu wopengayu," anatero.

Pano amapita n'kumabwera. Akabwera amasanza, chakudya amati chikumveka chitsulo, masiku ena sadzuka n'komwe. Tsitsi linathothoka monga ananenera adotolo, ndipo ndinasesa ndine. Duku amavala lawolawo lofiira, lobiriwira lija likadali kuseri kwa chitseko. Ngati mankhwalawa agwira, palibe watilonjeza. Liwu lija m'nyumba mwathu silitchulidwanso. Munthu akafunsa timati ali m'chipinda. Ndipo masana akagona, ndimapezeka ndaima pakhomo pawo, ndikuyang'ana kapulana ngati ikukwera ndi kutsika. Nthawi zina shapa, minibasi yakuno, ikaima pafupi n'kutsika mzimayi wa katundu pamutu, ndimamva "Mayo ine!" asanatsegule n'komwe pakamwa.

Chilango anagamula amayi eni ake tsiku lomwe lija: mutu wanga sudzamera tsitsi mpaka lawo litamera. Wometa ndi azakhali, amene anatsala kuti azisamala pakhomo. Loweruka lililonse amandikhazika pa kampando ka makasitomala ndi lezala, sopo amaika mwaumbombo, ndipo chipewa n'choletsedwa ngakhale kusukulu. Akamapala amandifunsa ngati ndalapa.

"Ndilape chiyani, azakhali? Adotolo analephera, abambo analephera. Ine liwu limodzi basi."

Amandikhoma ndi chipeso pa liwombo. Kusukulu amanditcha dzira la nkhanga chifukwa cha timabala ta lezala, koma atsikana a m'kalasi mwathu amapempha kugwirako asanalembe mayeso, akuti kumabweretsa mwayi. Ndi kutentha kwa kunoku, amene akulangika ndi a tsitsiwo.