A Arlys Satha Kudzitama

Sikisi koloko m'mawa inakwana a Arlys Tollefson atatulutsa kale mathireyi anayi a mabanzi mu uvuni. Panja chipale chofewa chinali chitakwirira magalimoto mpaka m'matayala. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi anagwira ntchito m'bekale ya abwana awo a Duane, ndipo anajomba kamodzi kokha, tsiku loika maliro a amuna awo. Tsopano bekaleyo inali yoti itsekedwa pakutha pa mwezi, ndipo m'tauni yonse munatsala ntchito imodzi, yophika kusukulu. Akaiphonya imeneyo, ndiye kuti nyumba agulitsa, akakhale kwa mwana wawo kumzinda wa Fargo, m'kachipinda kapansi, pafupi ndi makina ochapira.

Mnzawo wa kuubwana, a Joyleen, anali atakhala pathumba la ufa, khofi kumanja, pepala la mafunso pabondo, kuti awayeseze zokayankha kusukulu kuja.

"Tiyeni mayi, tiuzeni za inu."

"Ndine Arlys."

"Basi?"

"Nanga sakundidziwa? Mphunzitsi wamkuluyo ndinkamusintha matewera ine."

"Iwe, kumeneko sakafunsa za matewera. Lina ili: n'chiyani chimene mumachita bwino kuposa ena?"

A Arlys anayang'ana mabanzi aja, ofiira bwino, onunkhira mpaka kumsewu. "Aa, anthu amadya. Palibe anafapo."

"Palibe anafapo! Ukanene zimenezo kusukulu ya ana?"

Kuno munthu sadzitama. Mlimi tirigu atachita kusefukira m'nkhokwe, ukamufunsa amangoti, "Zikanatha kuipa." A Arlys anakula choncho, ndipo kudziyamikira ankakuona ngati kuvula pagulu.

A Joyleen sanagwe ulesi. Anawauza kuti yankho lililonse lizikhala ndi chitsanzo: panali vuto lanji, iwe unatani, zinatha bwanji. "Ukanene za ukwati wa kwa a Haugen, magetsi atazima, iwe n'kudyetsa anthu mazana atatu."

"Anthu anandithandiza."

"Ndani? Ine ndinalipo, ndinkangolira pakona! Ndiye akafunsa chofooka chako, utchule chimodzi chaching'ono, unenenso mmene ukuchikonzera. Chimodzi, wamva, nkhalamba iwe?"

Lachinayi a Arlys anavala diresi la kutchalitchi n'kupita. Pakhonde la ofesi anakumana ndi a Connie Brandvold, amene ankafunanso ntchito yomweyo, akungotuluka. Anapatsana moni, n'kudandaulirana za kuzizira.

Mphunzitsi wamkulu, mayi Moen, anayamba bwino, nawonso a Arlys anayankha bwino. Nkhani ya ukwati ija anaikamba, ngakhale kuti anthu mazana atatu aja anasanduka "kagulu ndithu". Kenaka linabwera funso la chofooka. Apa nkhope ya a Arlys inawala, pakuti ili ndiye funso limene ankalidziwa. Anayamba ndi bondo. Anapita ku maso, ku kompyuta, kukwiya akaona munthu akutaya batala, kuiwala mayina a ana. Zala za dzanja limodzi zitatha, anatambasula linalo.

"Zakwana, mayi Tollefson, zikomo. Lomaliza: n'chifukwa chiyani tikulembeni inu osati wina?"

A Arlys anakumbukira makina ochapira a ku Fargo. Anatsegula pakamwa kuti adzitame, kamodzi kokha pamoyo wawo.

"Kunena zoona, Connie amaphika bwino. Supu yake ya mbatata ine sindingaifike. Komanso mawondo ake ndi abwino onse awiri."

Mayi Moen anaika cholembera pansi n'kugwira mutu. "Mayi inu, a Connie atha mphindi makumi awiri muno akuyamikira mabanzi anu. Ndiye ine ndilembe ndani? Aliyense andipatse dzina la munthu amene amagwira naye ntchito. Ndiimba Lolemba, ndipo ndilemba amene mboni yake ilankhule zomveka."

A Arlys atabwerera n'kufotokoza zimenezi, a Joyleen anatuluka m'bekale osatsanzika, khofi n'kumusiya pomwepo.

A Arlys anaganiza mpaka madzulo. A Duane akaimbiridwa angoti, "Sali woipa kwenikweni," n'kudula foni. A Joyleen sanagwirepo nawo ntchito, komanso anali atakwiya. Ndiye Lachisanu anandipeza ine, amene ndimagulitsa kutsogolo kwa bekaleyo m'mawa ndikasiya mwana kwa apongozi. Anadikira kuti wogula womaliza atuluke, n'kuyamba kupukuta tebulo loyera kale.

"Mwanawe, ndapereka dzina lako. Iwe unakulira kwina, pakamwa pako palibe manyazi. Akaimba Lolemba, undiyamikire ndithu, usasiye kanthu, nyumba ija sindikufuna kuichoka. Koma foni ikangolira undiuze, ndikaime kaye panja, ndisamve."