Nyimbo imene ndinapekera a tcheya

Anthu akandifunsa nyimbo imene ndimaikonda pa zonse zimene ndaimbapo, amayembekezera kuti nditchula ya kutchalitchi, chifukwa tsopano ndakalamba ndipo Lachinayi lililonse ndimamanga mpango woyera. Ine ndimangoseka. Nyimbo yanga yapamtima ndinaiimba pagulu kamodzi kokha, ndipo inamangitsa munthu. Mpaka lero sindinalapepo.

Kuimba ndinakuyambira pamtondo, kwathu kufupi ndi Chifunga. Mayi anga sankakangana ndi munthu. Wina akawalakwira, ankadikira tsiku losinja n'kumuika m'nyimbo osatchula dzina, munsi ukugunda, mudzi wonse n'kudziwa amene akunenedwa. Kutchalitchi ndinaphunzira kuimba mawu achiwiri, koma nyimbo za m'buku sizinkandifika pamtima. Zinkayenda ngati ng'ombe zokoka ngolo ya mchenga. Nkhope yanga sinali yoti mwamuna n'kutembenukira kawiri, ndiye paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Ndinazidziwadi.

Mphunzitsi wanga weniweni anali achimwene anga. Atapita kumigodi ku Joni, anzawo anabwerako ndi njinga ndi mabulangete, iwo anabwera ndi gitala basi, mayi mpaka analira. Khutu lawo linali lakuba. Akapita ku Matope kukagula nsomba, ankabwera ndi nyimbo za asodzi opalasa bwato. Akamva simanjemanje ya ku Joni pawayilesi, mawa lake inali m'zala zawo. Nyimbo za kutsidya kwa malire, za chilankhulo chimene sitinkachimva, ankazitola chimodzimodzi. Inalipo imodzi yopanda mawu, yawoyawo, imene ankaiimba masana pansi pa bwemba akaweruka kumunda. Inkakwera pang'onopang'ono, n'kuima ngati yaiwala njira, kenako n'kutsika. Ndinkasiya ndowa pansi kuti ndiimve.

Tcheyamani wa chipani wa m'dera lathu anakulira limodzi ndi achimwene, ankawedza limodzi ali ana. Atapatsidwa udindo anagula chikwama chachikopa, ndipo kuyambira pamenepo sankayankha moni wa munthu asanamuone khadi la chipani. Chinthu chimodzi chinkamusowetsa mtendere: palibe amene anamuimbirapo nyimbo. Tsiku lina pamowa wa masana anauza achimwene kuti amupekere yake, yotchula ntchito zake.

Achimwene anayankha akumanga nsambo: "A tcheya, gitala yangayi imadziwa za nsomba ndi za akazi. Za matcheya sinaphunzire."

Anthu anaseka, ndipo kuseka kumeneko n'kumene kunatipha. Sabata isanathe, achinyamata a chipani anafika m'mawa tikusesa. Mlandu unali woti achimwene amamvera wayilesi yakunja n'kumaimba nyimbo za zigawenga. Gitala anaiswera pamtondo wa mayi, ine ndikuona. Tcheyamani anaima kumsewu, chikwama m'khwapa, akuyang'ana kumwamba ngati akufuna mvula.

Achimwene anawatenga tsiku lomwelo, ndipo anatuluka m'ndende patapita mvula ziwiri. Zala za dzanja lamanzere zinali zokhota, zosapindika komanso zosawongoka. Dokotala wa ku Chifunga, bambo wa kumpoto wofatsa kwambiri, analitembenuza dzanjalo kawiri n'kunena kuti mafupa analumikizana molakwika kalekale. Sanafunse chimene chinachitika, ife sitinanenenso. Khasu achimwene analiphunziranso kugwira. Koma wayilesi ikayamba kuimba, ankadzuka n'kupita kuseri kwa nkhokwe.

Ndinadana naye tcheyamani uja. Ndikunena poyera chifukwa ndatopa ndi anthu amene amati nthawi imeneyo tonse tinkangoopa. Ine ndinkaopa, inde, koma chidani chinkaposa mantha. Ndikamuona akudutsa, malovu ankandiwawa m'kamwa.

Nthawi imeneyo n'kuti ndikutsogolera nyimbo za chimtali m'gulu la amayi a chipani. Sikuti ndinkafuna. Aliyense wa mawu abwino ankangotengedwa. Ndipo panali lamulo limene silinalembedwe paliponse koma ngakhale wosabadwa ankalidziwa: m'nyimbo za pamsonkhano ankatamandidwa munthu mmodzi yekha, mtsogoleri wa dziko. Msewu ukalimidwa, wapereka ndi iye. Chimanga chikabereka, ndi iye. Mkango unali umodzi m'dziko lonse, ena onse anali atumiki. Tcheyamani ankalidziwa lamulolo kuposa ine. Koma ndinaona kwa mayi anga kuti munthu akamva dzina lake m'nyimbo, nzeru zimamuthawa.

Boma litatikumbira mjigo, tinauzidwa kuti kubwera akuluakulu a chipani ochokera ku Mwanza kudzautsegulira, pakuti masiku amenewo boma lathu linali kumeneko. Tinayamba kukonzekera magule pabwalo la tcheyamani. Tsiku lachitatu, titatha nyimbo zanthawi zonse, ndinagwada patsogolo pake n'kunena kuti ndapeka kanyimbo kongomusangalatsa iye pakhomo pano. Ndinauza oimba ng'oma kuti atsitse, ndinayamba:

Watipatsa madzi ndani? A tcheya!
Watilimira msewu ndani? A tcheya!
Popanda inu tikanamwa matope,
bambo wathu, mkango wa kuno.

Maimbidwe ake anali a nyimbo ya pansi pa bwemba ija. Ndinangoifulumizitsa kuti igwirizane ndi ng'oma. Nyimbo ya gitala imene anaswetsa ija ndi imene ndinamuveka, ndipo sanaizindikire. Ankagwedeza phazi, maso atatsinzina. Anatiuza kuti tibwereze, tinabwereza kanayi.

Kenako ananena zimene ndinkadikira, kuti imeneyi iimbidwe pamaso pa alendo. Ndinakana. Ndinakana mokweza, kuti amayi onse amve.

"Iyayi a tcheya, imeneyi ndi ya pakhomo. Pamsonkhano timatamanda mmodzi, inu mukudziwa."

"Kodi tcheyamani ndi iwe kapena ine? Alendo adziwe kuti kuno kuli anthu ogwira ntchito. Udzaimba."

Ndinawerama n'kuti ndamva. Amayi achikulire awiri anandiyang'ana nthawi yaitali. Anadziwa. Mmodzi mwana wake anamenyedwapo pamsika chifukwa cha khadi, winayo mbuzi yake inatengedwa kuti ndi mphatso ya alendo. Tikubwerera, mmodzi anangonena chapansipansi kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Amene ankandivutitsa mtima anali mkazi wa tcheyamani. Tinavinidwa limodzi, ndipo pamene achimwene anali m'ndende ankandipatsa mchere mobisa. Nyimboyo anaikonda kuposa aliyense, ankaiimba ngakhale potunga madzi. Kawiri konse ndinanyamuka kuti ndikamuuze adzadwale tsikulo. Kawiri konse ndinadutsa pamene achimwene ankalimbana ndi kumanga mtolo wa udzu ndi dzanja limodzi ndi mano, ndipo ndinabwerera.

Tsikulo dzuwa linali loswa mtengo. Alendo anakhala pamipando pansi pa chisakasa, wamkulu wawo atavala suti yakuda, akudzipepesa ndi chipewa. Tinaimba zotamanda mtsogoleri zitatu, iwo akuomba m'manja mwaulesi. Kenako tcheyamani anaimirira yekha n'kulengeza kuti pali nyimbo yapadera imene iye walamula. Mawu amenewo anawanena ndi pakamwa pake, pamaso pa anthu onse.

Sindinaimbepo bwino ngati tsiku limenelo. Mawu anatuluka oyera, chiuno chinamasuka, amayi anavomera ngati anthu zana. Pofika pa mkango wa kuno ndinagwada n'kuloza tcheyamani ndi manja awiri, kuti wina asakayike. Mlendo wamkulu anasiya kudzipepesa. Anatembenukira mnzake, mnzakeyo anatulutsa cholembera. Tcheyamani sanaone chilichonse. Anali atalowa m'bwalo akuvina, chikwama chili m'mwamba.

Alendowo anandifunsa mafunso tsiku lomwelo kuseri kwa galimoto yawo. Ndinati ndine mayi wosaphunzira, ndinachenjeza koma ndinalamulidwa. Amayi onse anandichitira umboni, chifukwa zinali zoona. Tcheyamani anamutenga patapita masiku atatu, masana, anthu ali pamjigo. Sindinabisale. Ndinaima kumsewu pamalo omwe iye anaima tsiku lija, ndipo nanenso ndinayang'ana kumwamba.

Achimwene sanapite kumsonkhanoko, koma ng'oma zinkamveka mpaka kwathu. Madzulo ake ndikupeta, anabwera n'kukhala pamtondo wogwetsa. Ndinkaganiza kuti andiyamika.

"Nyimbo ija ndi yanga, eti?"

"Ndi yanu, achimwene."

"Unaithamangitsa. Pamene imaima paja sunaime."

Ndinakwiya nawo sabata yathunthu.

Tcheyamani anabwerako patatha zaka, atawonda, wopanda chikwama, akupereka moni ngakhale kwa ana. Ena anamumvera chisoni. Ine ndinayang'ana zala zake, ndinaona kuti zonse khumi zikupindika bwinobwino, ndipo chisoni changa chinathera pomwepo. Mkazi wake sanandilankhulenso. Tinkakumana pamjigo womwewo, iye n'kudikira kuti ndichoke. Kamodzi kokha, titakalamba tonse, anandifunsa osandiyang'ana ngati ndinkadziwa chimene ndinkachita. Ndinati ndinkadziwa. Anati nayenso anaimba nawo, mokweza kuposa onse. Anasenza ndowa yake n'kumapita.

Chipani chimodzi chitatha, mwana wanga anagulira amalume ake gitala ku Blantyre. Achimwene anaiika pamwendo, anaisisita, n'kuipachika pakhoma, ndipo inakhala pamenepo mpaka tsiku la maliro awo. Nyimbo ija ndimaing'ung'udzabe ndikamasankha nyemba, yopanda mawu ngati kale. Ndimayesetsa kuima pamene iwo ankaima, koma ng'oma za tsiku lija zinandilowa, ndipo nthawi zonse ndimapitirira.