Magalasi a mphuno a Che Amidu

Che Amidu akandibwerera m'maganizo, chimene chimayamba kufika ndi fungo la golosale yawo ya pa Mlare: sopo wa mtanda wosakanikirana ndi palafini, usipa wouma m'thumba la pakhomo, ndi kautsi ka lubani kamene kankadutsa pansi pa chinsalu chotchinga khomo la chipinda cha kumbuyo, kumene ankagona iwo ndi akazi awo. Nyumba yathu inali yogundizana ndi yawo, moti m'mawa ndikamasesa pabwalo ndinkamva chitseko cha malata chikukwekwereza, kenako kutsokomola kwawo, kenako phwete la munthu woyamba kugula. Pa golosale imeneyo munthu sankachoka asanaseke.

Anali a ku Mangochi, Msilamu wamfupi wa kandevu koyera. Ife kwathu tinkayankhula Chitumbuka, iwo ankatiyankha m'Chichewa chawo chomveka Chiyao, ndipo tinkamvana bwinobwino. Dzina langa ndine Tawonga, koma iwo ankanditchula kuti Abiti Gondwe, monga amaitanira akazi kwawoko, potengera dzina la bambo.

M'golosalemo munali shelefu ya pamwamba imene bambo anga ankaitcha shelefu ya zopanda ntchito. Panali njoka za labala, mano a pulasitiki amene ukawapotokola kiyi ankayenda okha patebulo akuluma mphepo, timabokosi tokutidwa bwino ngati mphatso koma ukatsegula mumatumpha chule, ndi magalasi opanda galasi okhala ndi chimphuno ndi ndevu zakuda. Izi ankabwera nazo akapita kukaoda katundu kutsidya kwa Songwe. Pambali pake panali mulu wa timabuku ta nthabwala, ta pepala lofiirira, tokhala ndi zithunzi za anthu a mitu ikuluikulu. Ito ankatitenga kwawo akapita kukaona abale. Ogula zinthu zimenezi anali ochepa. Zambiri ankangopereka: mwana akakhoza mayeso, munthu akatuluka m'chipatala, wina akakwatira.

"Mchere munthu amagula yekha," ankatero. "Koma kuseka amachita kupatsidwa."

Si nthawi zonse zinkawathera bwino. Tsiku lina anaika njoka ya labala m'lichero la mayi wina wa chigwirizano cha kutchalitchi kwathu, mayiyo anagwa chagada n'kubinya mkono. Che Amidu anapita kukapepesa ndi paketi ya shuga, atavula chipewa, ndipo bambo anga anati, "Munthu wamkulu ndevu zoyera, kumasewera ndi zidole."

Akazi awo anali Abiti Jana. Ndisanafike sitandade 4, iwo ndi amene ankakazinga mandasi pakhonde, akuimba ndi mawu okwera mpaka kumsika kumamveka. Kenako anadwala matenda aja oumitsa ziwalo mbali imodzi. Anabwerako kuchipatala mkono ukulendewera, kamwa litakokekera kumanzere, mawu akutuluka opindika. Amayi ena atabwera kudzawazonda, mmodzi anangoti "Mwati chiyani?" katatu, ndipo kuyambira tsiku limenelo Abiti Jana anatseka pakamwa. Sankatuluka, sankayankha moni. Che Amidu ankaseketsa msika wonse, koma akadutsa chinsalu chija kunkangoti zii.

Ine ndinali ndi langa vuto. Ndinabadwa ndi chibwibwi. Pakhomo, m'Chitumbuka, chinkandigwira mwa apo ndi apo, koma kusukulu, akati ima uwerenge Chichewa, lilime linkasanduka mwala. Tsiku lina aphunzitsi anandiloza. Ndinawerenga mizere iwiri bwinobwino, kenako ndinafika pa mawu akuti mbuzi.

"Mbu… mbu… mbu…"

Kumbuyo kwa kalasi mnyamata wina dzina lake Yotamu analira, "Meee!"

Kalasi yonse inagwa nako kuseka. Aphunzitsi anatembenukira kubolodi, koma mapewa awo ankagwedezeka, ndinawaona. Poweruka, ana ananditsatira mpaka pamsewu akulira ngati mbuzi. M'mawa mwake ndinakana kuvala yunifomu. Amayi anandinyengerera, anandikalipira, anandikwapula kamodzi, koma ine ndinauma gwa. Inatha sabata, inatha yachiwiri. Sabata yachitatu bambo anagamula nkhani tikudya.

"Ngati sukulu yamukanika, Loweruka la sabata ya mawa apite ku Hara kwa azakhali ake. Mpunga wayamba kucha, akaingitse mbalame."

Ndinkadziwa atsikana amene anapita ku Hara kukaingitsa mbalame. Palibe amene anabwereranso m'kalasi.

Khoma lathu ndi la Che Amidu linali lopyapyala, moti anamva zonse. Tsiku lotsatira, atabwerako kokaswali masana, anandipeza ndikutsuka mbale kuseri.

"Abiti Gondwe, ndili ndi ganyu. Uli ndi mpata?"

Ndinagwedeza mutu, ndikuganiza kuti akufuna madzi a pamjigo. Koma ananditengera m'golosale, nakwera pa kampando, natsitsa kabuku kamodzi.

"Amayi ako Abiti Jana ali mkatimu miyezi isanu sanaseke. Ndayesa njoka, ndayesa chule, ndayesa mano. Nthabwala zanga anazimva zonse kuyambira tili achinyamata, amadziwa pothera ndisanayambe. Ndikufuna mawu achilendo. Ukawawerengere."

"I-ine s-sinditha kuwerenga."

"Ndani wati uwerenge iweyo?" Anatenga magalasi a mphuno aja n'kundiveka. Anali aakulu, anachita kuwamanga ndi kachingwe kumbuyo kwa mutu. Anandiyang'ana, naweramitsa mutu mwaulemu. "Muli bwanji, Che Mphuno? Pepani takuvutitsani, mwachokera kutali. Kamtsikana kaja katsale panja, mulowe ndinu."

Chipindacho chinali cha mdima, chofunda, chonunkhira lubani ndi mafuta opaka. Abiti Jana anali atakhala pamkeka, atatsamira khoma, mpango utaphimba theka la nkhope. Anandiyang'ana kamodzi, nayang'ana kumbali. Ndinakhala pansi, ndevu za pulasitiki zikundiyabwa pamlomo, ndipo chifukwa chimphuno chija chinkandipanikiza, mawu anga anatuluka okhuthala ngati a nkhalamba. Ndinangowasiya choncho. Ndinayamba kuwerenga ngati gogo wachimuna, ndipo ndinadabwa kumva mizere ikuyenda yokha, wina pambuyo pa unzake, osakodwa.

Nthabwala yoyamba sinawakhudze. Yachiwiri chimodzimodzi. Ndinatsegula tsamba lina. Inali ya bambo wina amene anakwera minibasi ndi chiweto chake, kondakitala n'kumuuza kuti chiwetocho chilipire mpando, iye n'kukana kuti ayi, chili ndi zaka ziwiri zokha, ana salipira, achifukata pamiyendo. Ndinaona mawu aja akubwera patsogolo panga ngati dzenje la pamsewu. Chiwetocho chinali mbuzi.

"Bambo wina anakwera minibasi ndi mbu… mbu… mbu…"

Ndinkafuna kung'amba magalasi aja n'kuthawa. Ndiye ndinamva kamawu kuchokera pamkeka, kosasa ngati chitseko chimene chakhalitsa chosatsegulidwa. Abiti Jana anali atasendeza mpango, akufuna kundithandiza.

"Mbu…" anatero. Kamwa lawo linakokeka. "Mbu… mbu…"

Nawonso anakodwa pomwepo.

Tinayang'anizana, ine ndi chimphuno changa, iwo ndi kamwa lawo lokhota, tonse tili kukamwa yasa, mbuzi imodzi yatikanika anthu awiri. Sindikudziwa amene anayamba. Ndimangokumbukira kuti Abiti Jana anayamba kugwedezeka, kenako kunatuluka phokoso lachilendo, la mbali imodzi, ndipo anaseka mpaka misozi kutsika, akumenya mkeka ndi dzanja lawo labwino lija. Ine ndinaseka mpaka kugona pansi. Aliyense akati apume, mnzake ankangoti "mbu," basi tayambiranso.

Nditatembenuka ndinaona mapazi a Che Amidu pansi pa chinsalu. Sanalowe. Anaima pamenepo nthawi yaitali, kenako ndinawamva akumina, n'kubwerera kukauntala. Madzulo ake mayi wina anabweza katundu, akuti anapempha shuga koma anamupimira mchere.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkapita masana aliwonse. Ndinkawerenga, Abiti Jana ankabwereza mawu amene awasangalatsa, pang'onopang'ono, mpaka atuluke. Tinapangana chinthu chimodzi popanda kukambirana: wina akakodwa, mnzake asamumalizire. Tinkangodikirana. Nthawi zina mawu amodzi ankatenga nthawi yoti munthu n'kumwa kapu ya tiyi, koma ankafika.

Lachisanu, chikwama changa cha ku Hara chili chomanga kale, amayi anakoka bambo dzanja n'kuwaimika pakhoma lathu lija. Izi anandiuza ndi amayi patapita zaka. Akuti bambo anamvetsera kwa kanthawi, nafunsa m'Chitumbuka, "Kasi uyo wakuŵazga ni njani?" kufuna kudziwa amene akuwerengayo.

"Ni mwana winu," amayi anayankha. Ndi mwana wanu.

Bambo anamvetsera mpaka nthabwala inatha, ndipo akuti anaseka pang'ono, n'kudzigwira msanga. Podya madzulo anangoti, "Lolemba upite kusukulu. Mbalame za ku Hara zili ndi eni ake."

Lamlungu ndinapita kwa Che Amidu kukapempha magalasi aja kuti ndipite nawo m'kalasi. Anakana.

"Che Mphuno ndi nkhalamba, sukulu anamaliza kalekale."

"K-koma akandisekanso."

"Akuseka, inde. Usaganize kuti asiya." Anakhala pa thumba la mpunga kuti maso athu alingane. "Tamvera, Abiti Gondwe. Kuseka kuli ngati ng'ombe ya pangolo. Ukaima kutsogolo kwake ikuponda. Ukagwira chingwe, ikunyamulira katundu. Iweyo gwira chingwe."

Sindinamvetse bwino, koma ndinapita. Masiku awiri oyamba aphunzitsi sanandiloze, mwina manyazi anali atawagwira. Lachitatu ndinakweza dzanja ndekha. Ndinawerenga ndime imodzi, kenako ndinakodwa pa mawu akuti pakhomo. Ndisanapume n'komwe, Yotamu analira kumbuyo kuja, "Meee!"

Ena anayamba kuseka. Ndinatsitsa buku, ndinayang'ana aphunzitsi, ndipo ndinayankhula mwaulemu wonse umene ndinali nawo.

"A-aphunzitsi, mbuzi ija yalowanso m'kalasi. Ndi-ndidikire ituluke, kapena ndipitirize?"

Kalasi inaphulika, koma ulendo uno nkhope zonse zinatembenukira kumbuyo. Aphunzitsi anaseka poyera, osabisa, nati, "Pitiriza, Tawonga. Mbuziyo tiimangirira panja ikaliranso." Ndinamaliza tsamba lonse. Ndinakodwa kanayi, ndipo kanayi konse kalasi inadikira. Yotamu anakhala ndi dzina loti Mbuzi mpaka sitandade 8, ndipo ndivomere kuti pena ndinkamumvera chisoni. Lero ndi kalipentala, tikakumana timaseka.

Abiti Jana sanachire kwenikweni. Mkono sunabwerere, mandasi sanakazingenso. Koma nyengo yokolola isanathe anayamba kukhala pakhonde la golosale pa kampando, akulonjera odutsa ndi mawu awo opindikawo, ndipo wina akati "Mwati chiyani?" ankangobwereza mokweza, osaphimba nkhope. Ndili fomu 2, anaganiza zobwerera kwawo ku Mangochi kuti akakhale pafupi ndi ana awo. Tsiku lonyamuka Che Amidu anatsitsa shelefu yonse ya pamwamba ija n'kugawira ana a pa Mlare, aliyense kake. Bambo anga, amene ankathandiza kukweza katundu pa lole, anapatsidwa mano oyenda okha aja. Anawalandira ndi manja awiri, nkhope ili gwa, ngati alandira Baibulo.

Panopa ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Chilumba. Chibwibwi sichinathe. Chimandigwirabe ndikatopa kapena ndikakwiya, ndipo chaka chilichonse, tsiku loyamba, ndimawauza ana ndekha asanachitulukire okha: "Aphunzitsi anu mawu ena amawatulutsa katatu. Mwayi wanu, simunganame kuti simunamve."

Chaka chatha ndinalandira foni ya nambala yachilendo. Anali mwana wamkazi wa Che Amidu, amene anachita kufunsafunsa kwa anthu a pa Mlare kuti andipeze. Anandiuza kuti bambo ake anamwalira mwezi wapitawo, mwamtendere, atakalamba kwambiri. Ndisanapeze mawu opepesera, anati, "Dikirani, amayi akufuna akulonjereni."

Ndinamva foni ikusuntha, kenako kupuma kwa munthu wokalamba.

"A… A… Abi…"

Ndinali pakhonde la kalasi, belu litalira kale, ana makumi angapo akusuzumira pawindo kuti aphunzitsi alowa nthawi yanji. Ndinawakwezera dzanja kuti akhale pansi. Ndinatsamira chipupa, foni ili kukhutu, misozi ikutsika, ndipo ndinadikira mpaka Abiti Jana anamaliza okha dzina langa lonse.