Bedi Lopinda la Amayi

Nyumba yathu yakuboda inali ya chipinda chimodzi ndi pabalaza, ndipo pabalazapo ukatambasula miyendo unkagunda chitseko. Adokotala atanena kuti amayi anga azibayidwa jakisoni wa mwendo masabata awiri osadumphitsa, ndinadziwa kuti sangathe kumachokera kumudzi kwawo kwa Dambe tsiku ndi tsiku. Anayenera kugona kwathu. Koma chikwatiwireni ine, amayi anali asanagonepo pakhomo panga. Ankabwera, kutula mtedza, dzuwa likapendeka n'kutsanzika.

Ine ndinkati vuto ndi pogona. Pasimenti msana wawo sukanalola, bedi lenileni silikanakwana. Ndinayamba kusuzumira m'nyumba za eni ngati ndataya nkhuku, kufuna kuona kuti anzanga alendo amawagoneka pati. Mnzanga wogulitsa zitenje za ku Chipata anandionetsa matiresi opopa, koma anayamba kuphwa tili chikhalire pomwepo. Kenako dalaivala wina wa thiraki, amene ankadikira mapepala pageti, anandilola kukwera kuti ndione mogona mwake. Kumbuyo kwa mipando kunali kabedi kopindira kukhoma. Ndinakatsitsa ndi kukakweza kambirimbiri, mpaka mwini wake anafunsa ngati ndikufuna ntchito.

Wowotcherera zitsulo anandipangira lotero. Masana linkaima chilili kukhoma, madzulo n'kutsika ngati chitseko cha ngolo. Ndinanyada nalo kwabasi.

Amayi atafika analigwedeza, n'kuvomera kuti n'lolimba. Kenako maso awo anapita pa chitseko cha kuchipinda kwathu.

"Nanga bambo akunowa popita kuntchito amadzera pati?"

"Pompano, amayi."

"Ndiye apongozi anga azidutsa kumiyendo kwanga ine ndili chigonere? Iyayi mwana wanga, kandiitanire wakabaza ndizipita."

Apo m'pamene ndinamvetsa za zaka zonse zija. Ndinachita manyazi, koma mtima unandipsanso, poti mwendo unali utatupa moti sunkalowa m'nsapato, iwo n'kumaganiza za ulemu. Amuna anga anamva zonse ali kuchipinda. Anandiitana n'kundinong'oneza kuti ndikawauze amayi kuti njira ina ilipo. Nditawauza, amayi anamasula kathumba kawo.

Njirayo inali zenera la kuchipinda kwathu, mwayi wake linalibe zitsulo. M'mawa uliwonse bambo wamkulu ndithu, wamimba yake, amene madalaivala amamupatsa ulemu akamawaombolera katundu paboda, ankayamba waponya nsapato panja, kenako chikwama cha mapepala, pomaliza mwini wake, phi! Ine ndinkaluma chitenje kuti phwete lisamveke pabalaza. Amayi sanafunse, ifenso sitinanene kanthu.

Tsiku lachinayi, ndikusesa kuseri kwa nyumba, ndinapeza njerwa zitasanjidwa bwinobwino pansi pa zenera lija, pamwamba pake payalidwa kasaka. M'dothi monsemo, kuchokera pamulu wa njerwa kukafika pazenera, munali timaenje ta ndodo imene amayi ankayendera.